Dziko ndi lathu, nanga dambo n'la yani?

Dzinja likafika mumzinda wa Lilongwe muno pali mwambo umene tonse tidauzolowera. Mvula ikagwa mwamphamvu usiku umodzi, mitsinje ya Mchesi, Chipasula, Lingadzi ndi Lilongwe imasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu ku Kawale, ku Biwi, ku Kaliyeka kapena ku Mtandire. Kukacha akuluakulu a boma amatulukira pa galimoto zawo zazitali, atatenga ufa, mabulangete ndi ndowa za pulasitiki. Amapepesa, amajambulitsa, kenaka n'kudzudzula anthu kuti adamangiranji m'dambo. Madzi akaphwa, nkhaninso imaphwera pomwepo mpaka chaka chinacho.

Pamwambo umenewu pali mafunso amene safunsidwa. Dambolo adagulitsa ndani? Adasaina mapepala ndani? Ndalama zake zidalowa m'thumba la yani? Ine maganizo anga ndi akuti nkhani ya madambo si ya achule ndi akakowa ayi, monga ena amanenera monyoza. Ndi nkhani ya ulamuliro. Timakonda kunena kuti chuma cha dziko lino ndi chathu ndipo mlendo asatiuze zochita. Ndikuvomereza. Koma mawu akuti "chathu" atanthauze mayi wa ku Chinsapo yemwe, osati bwana yekha amene ali ndi chidindo.

Tiyambe ndi ntchito ya dambo, poti ambiri a ife okulira m'tauni timaliona ngati malo ongokhala, oswerana udzudzu. Dambo ndi chinkhupule cha nthaka. Mvula ikagwa kumtunda madzi amatsetserekera m'dambo, ndipo udzu, bango ndi nsenjere zimawachepetsa liwiro. Dothi lake lamakande limawasunga, kenaka amatuluka pang'onopang'ono kupita kumtsinje, ena n'kulowa pansi kukadzaza zitsime. Matope ndi zinyalala zimatsalira muudzumo, kotero kuti madzi ofika kumtsinje amakhala atasefedwa kale. Makolo athu ankalidziwa bwino dambo. Ndimo munali msipu wa ng'ombe m'chilimwe, madimba a ndiwo zamasamba, udzu wofolerera nyumba, bango la mphasa ndi zitsime zosaphwa.

Tsono munthu akathira dothi m'dambo, n'kumangapo nyumba, mpanda wa njerwa ndi bwalo la simenti, madzi aja sasowa. Amangosamuka. Malata ndi simenti sizimwa madzi, choncho mvula yonse imathamangira kumtsinje nthawi imodzi, ndipo amene amailandira ndi wokhala kumunsi. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Mpanda wautali umateteza mwini wake pokankhira madziwo kwa mnansi amene nyumba yake ndi ya zidina.

Mzinda uno sudayambe chonchi. Boma la Dr Kamuzu Banda litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation m'chaka cha 1968, ndi ngongole yochokera ku South Africa, ndipo likulu lidasamuka mu 1975. Amene adajambula mapu a mzindawu adasiya dala malo osamangapo m'mbali mwa mitsinje. Nkhalango ya Nature Sanctuary imene ili m'mphepete mwa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre, ndi chotsalira cha maganizo amenewo.

Koma anthu adachuluka kuposa mapu. Kalembera wa 1966 adapeza anthu osakwana 20,000 mu Lilongwe. Mu 1977 anali pafupifupi 99,000, mu 1998 adafika 440,000, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 989,000. Mapuloti ovomerezeka sadachuluke motero. Bungwe la UN-Habitat lidati mu 2011 anthu atatu mwa anayi alionse a mumzinda uno ankakhala m'malo osakonzedwa ndi khonsolo. Munthu wofuna pogona ankapita kwa amfumu a m'tauni kapena kwa dobadoba, n'kuloozeredwa malo otsika mtengo. Malo otsika mtengo m'tauni ndi a m'dambo ndi m'mphepete mwa mtsinje. Umu ndi mmene Chinsapo, Mgona, Mtandire ndi mbali zina za Area 23 ndi Area 25 zidatambasukira mpaka kumadzi.

Zotsatira zake tidaziona ndi maso. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi udasefukira ku Mtandire, Area 47 ndi Area 49, mpaka ndege ya asilikali idachita kukapulumutsa anthu amene madzi adawazinga. Mu Disembala chaka chomwecho madzi adakokolola nyumba ku Kaliyeka, ku Mchesi, ku Kawale ndi madera oyandikana nawo, ndipo anthu asanu ndi mmodzi adataya miyoyo. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, udavuta kwambiri m'madera amene chimbudzi ndi chitsime zimayang'anizana m'nthaka yonyowa. Sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023 chifukwa cha mliriwo.

Mzinda womwewu umene umamira mu Januwale umalira ludzu mu Okutobala. Madzi athu a m'mipope amachokera mumtsinje wa Lilongwe, umene gwero lake ndi nkhalango ya Dzalanyama, ndipo amasungidwa m'madamu awiri a ku Malingunde, loyamba la 1966 ndi lachiwiri la 1989. Nkhalangoyo idadulidwa ndi ootcha makala mpaka mu 2015 boma lidatumizako asilikali kukalondera. Mu 2016 Lilongwe Water Board idayamba kugawa madzi mosinthanasinthana, ndipo amayi ankagona pamzere pamakiyosiki ndi zigubu zawo. Yankho limene boma lidasankha ndi lokapopa madzi kunyanja ku Salima, mtunda wa makilomita pafupifupi 120, pamtengo wa madola mamiliyoni mazanamazana. Mzinda wa anthu oposa miliyoni ukufunikadi madzi ena, sinditsutsa. Chondidabwitsa n'chakuti tikulipira paipi yodula chotere kwinaku tikukwirira damu limene Chauta adatipatsa ulere.

Tsopano timve mbali ya amene amati chitukuko chiyambe, zachilengedwe pambuyo. Mfundo yawo si yopusa. Mnyamata wokumba mchenga mumtsinje wa Lilongwe sakumba chifukwa chodana ndi mtsinje. Akufuna ufa wa lero. Mayi wolima mpiru ndi tomato m'dimba ndiye amadyetsa msika wa Kawale ndi wa Area 25, ndipo fizi ya ana ake imachokera momwemo. Woumba njerwa m'dambo akuumbira nyumba zimene tonse timachita lendi. Mzinda ukufuna misewu, sukulu, mafakitale ndi ntchito za achinyamata amene angokhala m'madepoti. Munthu wokhuta akamauza wanjala kuti asakhudze dambo, wanjalayo ali ndi chifukwa chomuyang'ana ndi diso loipa.

Koma tisiyanitse zinthu ziwiri. Pali kugwiritsa ntchito dambo, ndipo pali kulipha. Dimba lolimidwa motalikirana ndi gombe la mtsinje, udzu womwetedwa chaka ndi chaka, ng'ombe zodya msipu, zonsezi dambo limapirira, ndipo lapirira kuyambira kalekale. Chimene silipirira ndi matipa a dothi, maziko a konkire ndi ngalande zoumitsa. Dimba likalakwika chaka chino, chaka chamawa likhoza kukonzedwa. Nyumba yosanja ikamangidwa m'dambo, dambolo lapita mpaka muyaya, ndipo phindu lake lapita kwa munthu mmodzi pamene madzi ake apita kwa anthu zikwi.

Chitukuko chenicheni chimawerengera zonse. Kodi mlatho ukakokoloka amalipira ndani? Ufa ndi mabulangete a anthu osefukiridwa amagula ndani? Mabedi a odwala kolera, mankhwala oyeretsera madzi amatope, masiku amene ana sapita kusukulu chifukwa mtsinje wadzaza, zonsezi ndi msonkho wanu ndi wanga. Wogula dambo amalipira kamodzi kwa womugulitsa. Ife otsala timalipira dzinja lililonse. Walira mvula walira matope, inde, koma kuno wolira mvula ndi wina, wosenza matope ndi winanso.

Mfundo yachiwiri imene timaimva ndi ya ufulu wa dziko. Amati azungu adawononga zawo, adalemera, tsono akufuna ife tikhale alonda a mbalame kuti iwo azibwera kudzajambula. Pamenepanso pali choona. Angerezi adaumitsa madambo awo a Fens m'zaka za m'ma 1600 n'kuwasandutsa minda. Dziko la Netherlands mbali yake yaikulu ndi nthaka yolandidwa kumadzi. Utsi umene ukusokoneza nyengo, n'kutibweretsera anamondwe onga Freddy wa mu Malichi 2023 amene adapha anthu mazanamazana ku Blantyre ndi maboma a kummwera, wochuluka udachokera m'mafakitale a maiko olemera. Mmalawi ali ndi ufulu wokwiya akamalangizidwa ndi amene adayambitsa vuto.

Komabe wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akhale mnansi wa mbiri yoipa. Amereka adaumitsa dambo lawo lalikulu la Everglades ku Florida, ndipo m'chaka cha 2000 Nyumba yawo ya Malamulo idavomereza ndondomeko ya madola pafupifupi 8 biliyoni yolibwezeretsa. Iwo ali nazo ndalama zokonzera zolakwa zawo. Ife tikapha Lingadzi tidzazitenga kuti? Tidzapita kwa azungu omwewo kukapempha ngongole, ndipo ngongoleyo idzabwera ndi malamulo awo. Dziko limene lawononga madzi ake ndiye limene limalamulidwa ndi alendo mosavuta.

Enanso amaopa kuti mapangano a maiko onse amatilanda nthaka. Tione pangano la Ramsar, limene lidasainidwa mumzinda wa dzina lomwelo ku Iran mu 1971. Dziko la Malawi lidalowamo mu 1997, nyanja ya Chilwa n'kukhala malo athu oyamba kulembedwa, ndipo dambo la Elephant Marsh ku Chikwawa ndi Nsanje lidalembedwa mu 2017. Panganoli limanena poyera kuti kulembedwa kwa malo sikuchotsa ulamuliro wa dziko pamalowo. Sililetsa anthu kugwiritsa ntchito dambo. Limangopempha kuti aligwiritse ntchito mwanzeru. Kuchokera 1997 mpaka lero palibe mzungu adatenga Chilwa kupita naye kwawo. Asodzi a ku Kachulu akuphabe matemba, makumba ndi milamba, ndipo alimi a mpunga akulimabe. Chimene chaopseza Chilwa ndi chilala ndi matope ochokera m'mapiri odulidwa mitengo: nyanjayo idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idaumanso.

Tsono ngati mlendo sadatilande dambo, watilanda ndani? Apa ndikufuna kulankhula ndi inu akuluakulu amene mudathawa m'dziko muno nthawi ya chipani chimodzi, n'kubwerera itatha referendamu ya pa 14 Juni 1993. Inu mukukumbukira bwino kuposa ife. Lamulo la malo la 1965 linkati malo a makolo ndi chuma cha anthu a Malawi, koma lidawaika m'manja mwa Pulezidenti. Pamapepala, palibe ulamuliro wa dziko pachuma chake woposa pamenepo. Nanga chidachitika n'chiyani? Malo a midzi adasandutsidwa maesiteti a fodya. Maesiteti amene anali ochepera 300 mu 1970 adapitirira 14,000 pofika 1989, ndipo aakulu kwambiri anali a anthu oyandikana ndi mpando. Eni nthaka adasanduka matenanti pamalo a makolo awo. Amene adachita zimenezi sanali atsamunda. Anali Amalawi, ndipo ankanena kuti akuchitira mtundu wa Malawi.

Phunziro lake ndi lakuti chuma chikhoza kukhala m'manja mwa boma koma osakhala m'manja mwa anthu. Matipate adabwera, koma khalidwe lija silidathe. Mu 2007 boma lidasainirana pangano ndi kampani ya ku Australia ya Paladin lokumba miyala ya yureniyamu ku Kayelekera, ku Karonga. Boma lidapatsidwa magawo 15 pa 100 alionse, msonkho wa miyala udatsitsidwa, ndipo panganolo lidabisidwa kwa eni dziko kwa zaka zingapo. Mu 2015 bungwe la ActionAid lidati dziko lino lidataya madola 43 miliyoni pa zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha misonkho imene sidatoleredwe. Amene adasaina m'malo mwathu anali Amalawi anzathu. Ngakhale ntchito ya madzi a ku Salima ija, bungwe la maloya la Malawi Law Society lidachita kupita kukhoti mu 2017 kukafunsa chifukwa chake idaperekedwa kafukufuku wa zachilengedwe asanachitike.

Amene mudakhalako ku Lusaka ndi ku Harare mukudziwa kuti matendawa si athu okha. Kummawa kwa Lusaka kuli nkhalango yotchedwa Forest 27, kumene mtsinje wa Chalimbana umatenga madzi ake. Kuyambira 2017 mbali zina za nkhalangoyo zidachotsedwa pamndandanda wa malo otetezedwa, ndipo mapuloti adapita kwa anthu apamwamba. Ku Harare, sitolo zazikulu za Longcheng Plaza zidamangidwa m'dambo pafupi ndi bwalo la National Sports Stadium ndipo zidatsegulidwa mu 2013, mumzinda umene mipope yambiri imakhala youma. Dziko lomwelo la Zimbabwe ndilo lidachititsa msonkhano waukulu wa pangano la Ramsar ku Victoria Falls mu Julaye 2025. Kusaina mapangano n'kosavuta. Chovuta ndi kukaniza mnzako wa m'chipani puloti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Malamulo tili nawo, ndipo ndi abwino. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 207, amati nthaka yonse ya Malawi ili m'manja mwa dziko, osatinso munthu mmodzi. Gawo 12 limati olamula amagwira mphamvu mongosungira anthu. Gawo 13 limalamula boma kusamala chilengedwe poganizira mibadwo yamtsogolo. Ndondomeko ya malo ya 2002 idatchula madambo ndi dzina kuti ndi malo a anthu onse a m'dera, osayenera kugawiridwa munthu mmodzi. Tili ndi lamulo la madzi la 2013, malamulo atsopano a malo a 2016, ndi lamulo la zachilengedwe la 2017 limene lidabala bungwe la MEPA. Lamuloli limafuna kuti ntchito yaikulu iliyonse iunikidwe kaye isanayambe. Vuto lathu si kusowa kwa malamulo. Vuto ndi lakuti lamulo lathu lili ndi diso limodzi, ndipo disolo limangoona waumphawi.

Yendani nokha m'mbali mwa mitsinje ya mumzinda uno muone. Omanga m'dambo alipo amitundu iwiri. Woyamba ndi wa kanyumba ka zipinda ziwiri, amene adagula malo kwa amfumu ndi ndalama za geni, popanda pepala lina koma kakalata kolemba pamanja. Wachiwiri ndi wa mpanda wautali wa waya wamagetsi pamwamba, amene adabweretsa matipa a dothi masanasana, ndipo ali ndi mapepala onse okhala ndi zidindo. Akamati anthu achoke m'malo angozi, amaloza woyambayo. Wachiwiriyo amatchedwa wotukula mzinda. Chonsecho woyambayo adalowa m'dambo chifukwa chosowa kolowera, pamene wachiwiriyo akadatha kugula malo pena paliponse.

Ndipo mapepala a wachiwiriyo sadagwe kumwamba. Pali munthu adayeza malowo, wina adavomereza mapulani, wina adasaina lizi. Onsewa amalandira malipiro kuchokera kumisonkho yathu. Tisaiwalenso kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala osankhidwa. Zaka zisanu ndi zinayi zimene mzinda unkakula mothamanga, munthu wa ku Mgona analibe womutuma kukafunsa kukhonsolo kuti dambo lija likupita kuti. Demokalase ikagona, dambo limagulitsidwa usiku womwewo.

Nanga tichite chiyani? Ndili ndi mfundo zisanu, ndipo palibe imene ikufuna chilolezo cha mlendo.

Choyamba, khonsolo ya mzinda pamodzi ndi unduna wa za malo ayeze madambo ndi magombe onse a mitsinje amene atsala, aikemo zikhomo zooneka, ndipo mapu ake apachikidwe m'Chichewa pamsika uliwonse, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23 ndi kwina konse. Munthu asanapereke ndalama kwa dobadoba azitha kudzionera yekha kuti malowo ndi oletsedwa. Safunsa adadya phula, koma nanga akafunse kuti ngati mapu ali m'kabati ya bwana?

Chachiwiri, mndandanda wa onse amene adapatsidwa lizi kapena chilolezo chomanga m'madambo utuluke poyera, pamodzi ndi maudindo a amene adasaina. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Atolankhani, mipingo, mabungwe ndi makomiti a m'madera tiligwiritse ntchito. Ngati zonse zidayenda mwachilungamo, palibe choopa.

Chachitatu, ngati kugwetsa kulipo, kuyambire pamwamba. Tsiku limene katapila adzagwetse mpanda wa mpondamatiki umene watseka njira ya madzi, anthu a m'makomboni adzakhulupirira kuti lamulo ndi la onse, ndipo adzamva akauzidwa kuti asamuke. Kuyamba ndi kanyumba ka mayi wamasiye kwinaku nyumba yosanja ili chiimire patsidya, kumeneko ndi kupondereza, ndipo anthu adzabwerera m'dambomo katapila akangochoka.

Chachinayi, wosauka amene ali pangozi apatsidwe kolowera. Kumuuza kuti achoke popanda kumuonetsa puloti ndi kungomusamutsira kudambo lina. Malo atsopanowo akhale ndi madzi, msewu ndi minibasi yofika kumene amapeza ganyu, apo ayi adzagulitsa n'kubwerera. Mzindanso uphunzire kukwera m'mwamba m'malo otetezeka m'malo momwazikana. Pakati pa Lilongwe pali malo ambiri ouma amene adagawidwa kalekale koma angokhala tchire, eni ake akudikira kuti mtengo ukwere. Amenewo ndiwo ayambe kufunsidwa.

Chachisanu, anthu a madimba, omweta udzu ndi okumba mchenga asaonedwe ngati adani. Iwo ndi amene amakhala m'dambo tsiku ndi tsiku, ndipo ndi amene amayamba kuona tipa ikamathira dothi. Apatsidwe malire omveka a pamene angalime ndi pamene angakumbe, akhale m'magulu odziwika ndi khonsolo, ndipo dambolo likhale lawo kulisamala. Munthu amene amadya za m'dambo sangalole kuti ligulitsidwe, pokhapokha atauzidwa kuti ngakhale litatsala iye alibemo gawo. Ku Chilwa asodzi ali ndi makomiti awo ndi nyengo yotseka usodzi. Zimavuta, zimakhala ndi mikangano, koma zimaposa kulondera ndi mfuti.

Mfundo zimenezi zikufunika msanga chifukwa mayeso aakulu ali pakhomo. Mu 2022 kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals idalengeza kuti ku Kasiya, m'boma lomwe lino la Lilongwe, kuli miyala ya rutile yochuluka kuposa kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo mu 2023 kampani yaikulu ya Rio Tinto idagulamo magawo. Dera limenelo ndi chidikha cha minda ndi madambo. Ine sindikuti miyalayo isakumbidwe. Dziko losauka ngati lathu silingakhalire chuma chotere. Koma tifunse mafunso asanasaine, osati atasaina. Madzi otsukira miyala adzachokera kuti, ndipo akagwira ntchito adzapita kuti? Madambo ati amene sadzakhudzidwa? Ndalama zobwezeretsera nthaka zidzasungidwa ndi yani? Anzathu a ku Zambia adaona mu Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi litaphulika ku Chambishi, asidi n'kulowa mumtsinje wa Kafue, nsomba kufa, mzinda wa Kitwe n'kutsekeredwa madzi. Boma limene likulephera kuteteza kadambo ka ku Area 25 kwa munthu mmodzi wa matipa awiri, lidzalimba bwanji pamaso pa kampani ya mabiliyoni?

Amalawi anzanga, pa 14 Juni 1993 makolo ndi akulu athu sadavotere kusintha nkhope za odya okha ayi. Adavotera kuti mwini dziko akhale munthu wamba, ndipo wolamula akhale wantchito wake. Ulamuliro wa dziko pachuma chake umayesedwa pazinthu zazing'ono zooneka ndi maso: ngati chitsime cha ku Mgona chili ndi madzi abwino mu Okutobala, ngati mwana wa ku Kawale angawoloke kupita kusukulu mu Febuluwale, ngati kalaliki wa kumalo angauze nduna kuti pepani bwana, pamenepa ndi padambo, n'kukhalabe pantchito mawa lake.

Choncho musadikire kuti madzi alowe m'nyumba. Khansala wa dera lanu mudamusankha nokha, ndipo phungu wanu amadziwa njira ya kwanu nthawi ya kampeni. Aitaneni pabwalo, pamodzi ndi amfumu, muwatengere kudambo limene latsala m'dera lanulo, muwafunse kuti malire ake ali pati, mwini wake ndani pamapepala, ndipo adampatsa ndani. Akayankha, lembani. Akakana kuyankha, lembaninso, ndipo mutitumizire kuno kunyuzipepala tidzasindikize.